Mota Ikabuula Osazungulira

Mwezi wa Okutobala m'chigwa cha Rivirivi dzuwa limaswa mtengo, moti ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kukaunjikana pamthunzi. Mtsinjewo, womwe umatsika kuchokera ku mapiri a ku Ntcheu n'kudula boma la Balaka popita kukathira mu Shire kumunsi kwa Liwonde, nthawi imeneyi umatsala mchenga ndi timadzi tongokwawa. Tsiku lina lotere ndinali pamzere kuchigayo cha pa kamsika kena m'derali, thumba langa la mphale lili kumapazi. Patsogolo panga panali madengu, zidebe ndi timatumba, zitandandalikidwa mpaka panja, eni ake atakhala pakhonde n'kumadzikupiza ndi nsonga za zitenje.

Mnyamata wapachigayo, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi ufa, anadina batani lobiriwira. Mota inabuula kuti "nguuu", malamba anangonjenjemera osasuntha, kenako m'bokosi la pakhoma munalira "kha!" Zii. Anadikira pang'ono, natsegula bokosilo, nadina kabatani kena ka mkati, nayesanso. Chimodzimodzi. Amayi pakhonde anayamba kung'ung'udza za ndiwo zomwe anasiya pamoto. Kachitatu mnyamatayo anatuluka, natola kamtengo kouma, nayamba kukasongola ndi mpeni.

Kumbuyo kwanga kunali mkulu wina wa imvi, yemwe ndinamva pambuyo pake kuti anagwirapo ntchito ya zamagetsi m'tauni kwa zaka zambiri. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Achimwene, kamtengoko katayeni. Mukufuna anthuwa agaitse lero, kapena mukufuna abwana anu agulitse mbuzi zonse za m'khola?"

"Madala, timatero masiku onse ikavuta. Timangopanikiza apa, imalira."

"Lero siilira. Ifuka."

Anathimitsa swichi yaikulu, nauza mnyamata uja kuti aime pomwepo kuti pasapezeke woiyatsa. Asanagwire chilichonse anayamba walowetsa mphuno m'bokosimo n'kununkhiza. Kenako analoza. Mwa mawaya atatu olowa, mmodzi anali atada kumapeto, pulasitiki wake atasungunuka, sikulu yomumanga ili gwedegwede. Anadula podapo, napala waya mpaka mkuwa unawala, namanga molimba, nayendera masikulu ena onse. Sipanathe theka la ola chigayo chinayamba kubangula. Mota ija inalibe vuto lina lililonse.

Anthu ambiri makina akaima amathamangira kunena kuti mota yapsa. Nthawi zina zimakhala zoona. Koma mota ya mtundu umene uli m'zigayo, m'mapampu a madzi ndi m'makina a m'nyumba ndi chinthu cholimba modabwitsa: kawirikawiri mulibe zokhudzana zoti n'kuperepeseka kupatula mabelingi awiri. Zimene zimadwaladwala ndi tizipangizo toizungulira, toiyatsa, toithimitsa ndi toiteteza. Ndipo mota zambiri zimene zimapsadi zimapsa chifukwa wina anatseka pakamwa kachipangizo komwe kamakuwa kuti kunja kuno kwaipa.

Amayi atatu pamtondo umodzi

Mota yotere anaitulukira anthu angapo pa nthawi imodzi. Galileo Ferraris ku Turin ndi Nikola Tesla ku America onse anafalitsa ntchito yawo mu 1888, ndipo chaka chotsatira Mikhail Dolivo-Dobrovolsky, akugwira ntchito ku kampani ya AEG ku Germany, anapanga ya mafeizi atatu yofanana kwambiri ndi zimene tikuona lero. Mbali yosazungulira ili ndi makoyilo a waya wa mkuwa wopakidwa vanishi. Magetsi akalowa m'makoyilomo amapanga mphamvu ya maginito yomwe imathamanga mozungulira, ndipo chitsulo cha pakati chimaithamangira pambuyo osaipeza.

Aliyense amene anaonapo amayi atatu akusinja mumtondo umodzi akudziwa kale chinsinsi cha mafeizi atatu. Munsi wa uyu ukamakwera, wa uyo ukutsika, wa wachitatu uli pakati. Palibe mphindi imene mtondo umakhala wopanda munsi. Magetsi a ESCOM amapita uku n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi, ndipo mawaya atatuwo amafika pachimake mosinthana ngati minsi ija. Kusinthanako n'kumene kumachititsa maginito kuzungulira. Mota ya mapolo anayi, maginito ake amazungulira ka 1,500 pa mphindi, chitsulo cha pakati n'kumatsalira pang'ono, mwina ka 1,450. Musinthanitse mawaya awiri mwa atatuwo, mota izungulira chobwerera, ndipo mahamala a chigayo azimenyera kolakwika.

Waya mmodzi akamasuka, monga zinachitikira pachigayo paja, maginito sazunguliranso. Amangokankha uku ndi uku pamalo amodzi. Mota yoima siingadzuke, imangobuula n'kumameza magetsi ochuluka omwe onse amasanduka kutentha. Choopsa kwambiri n'chakuti feizi ikatayika mota ili kale pa liwiro, imapitiriza kuzungulira ngati palibe chachitika, mawu okha n'kusintha pang'ono, pomwe mawaya awiri otsalawo akusenza katundu wa atatu.

M'nyumba zambiri mumalowa feizi imodzi yokha, ya mavolti 230. Mota ya feizi imodzi ili ngati njinga yomwe pedulo yake yaima pamwamba penipeni: ngakhale mupondereze chotani siyenda, mpaka wina aikankhe pang'ono. Ntchito yokankhayo imagwiridwa ndi koyilo yachiwiri, kawirikawiri mothandizidwa ndi kapasita, kachitini kooneka ngati batire yaikulu ya tochi. Mu mota zina muli kaswichi ka mkati kokhala ndi tizitsulo ndi masipuling'i, komwe kamatseguka kokha liwiro likafika pafupifupi magawo atatu mwa anayi, n'kuchotsa koyilo yoyambitsirayo isanatenthe.

Za m'bokosi la pakhoma

Tengani mota ya chigayo ya makilowati 22, imene amisiri amaitcha ya mahosipawa 30. Pa mavolti 400 imadya pafupifupi maampu 41 ikasenza katundu wokwanira. Koma podzuka, mukailumikiza mwachindunji, imatha kumeza kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri kuposa pamenepo, ndipo mababu a mudzi wonse amaphethira. N'chifukwa chake zigayo zambiri zimayatsidwa ndi bokosi la star-delta. Poyamba makoyilo amalumikizidwa mwa njira yomwe imatsitsa magetsi odzukira kufika pa gawo limodzi mwa atatu. Pakapita masekondi angapo taimala imasintha kalumikizidwe, mota n'kulandira mphamvu zonse. Wozolowera chigayo amamva kusinthako ndi khutu, kulira kumakwera mwadzidzidzi. Chimanga chimathiridwa pambuyo pa kusinthako, osati chisanachitike.

M'bokosimo muli makontakita atatu. Kontakita ndi swichi yokokedwa ndi maginito: kakoyilo kake kakalandira magetsi, kamakoka mano a mkuwa kuti alumane. Batani lobiriwira limangoyambitsa, kenako kontakita imadzigwira yokha kudzera m'timano tina tating'ono ta pambali. Magetsi akathima imamasuka, ndipo akabwerera siyakanso yokha mpaka munthu adine batani. Ena amaona ngati n'zovutitsa. Koma taganizani mnyamata watsegula chigayo kuti asinthe sefa magetsi atathima, manja ali pakati pa mahamala, magetsi n'kubwera.

Kunsi kwa kontakita kuli ovalodi. Mkati mwake muli tizitsulo topindika tikatentha. Magetsi akapitirira muyeso kwa kanthawi, tizitsuloto timakankha kaswichi komwe kamadula magetsi a kakoyilo ka kontakita. "Kha!" uja anali ameneyu. Onani bwino apa: ovalodi siidula yokha mawaya akuluakulu, imangouza kontakita kuti imasuke. Tsono mukapanikiza kontakita ndi kamtengo, ovalodi ikhoza kukuwa mpaka kusasa mawu, womvera palibe. Mphindi zochepa zokha vanishi amasungunuka, chigayo chonse n'kununkha ngati tayala lopsa.

Palinso kupanikiza kwaulemu, kochitidwa ndi sikuludiraiva m'malo mwa kamtengo. Ovalodi ili ndi kagudumu kosankhira maampu, ndipo ikamathimitsa pafupipafupi anthu amangokapotokola mpaka kumapeto. Pa bokosi la star-delta ambiri amalakwitsa ngakhale ali ndi mtima wabwino. Ovalodi ikakhala pa mawaya opita ku makoyilo, monga mmene mabokosi ambiri amamangidwira, siiona maampu onse olembedwa pa kachitsulo ka mota. Imaona 58 pa 100 iliyonse. Pa mota yathu ija iyenera kuikidwa pafupifupi pa 24, osati 41. Yoikidwa pa 41 ndi mlonda wogona tulo tofa nato.

Makina a azakhali

Makina oumitsira zovala si chinthu chimene mungachipeze m'nyumba zambiri za ku Utale kapena ku Nkaya, ndipo m'pomveka: dzuwa kuno ndi laulere, chingwe n'chotchipa. Anabadwira kozizira. J. Ross Moore wa ku North Dakota, dera la chisanu choopsa, ndiye anakonza ena mwa oyambirira, ndipo kampani ya Hamilton inayamba kuwagulitsa mu 1938. Kwathu kuno mumawaona m'zipatala zikuluzikulu, m'mahotela ndi m'malo ogona alendo, komwe nsalu zofunda ziyenera kuuma ngakhale mvula ivumbe sabata yathunthu. Amathandizanso pa nkhani ya mphutsi za ntchentche ija yoikira mazira pa zovala zonyowa, ngakhale kuti simbi yamakala imagwira ntchito yomweyo kuyambira kale.

Koma anthu a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi ambiri anapita ku Joni, ndipo katundu wobwera pa ngolo za mabasi ndi wosiyanasiyana. Azakhali anga, atagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba za anthu ku Johannesburg, anabwera ndi makina otere ogwiritsidwapo kale ntchito. Ankawayatsa m'nyengo ya dzinja yokha, poumitsa matewera a zidzukulu. Ndimawatchula pano chifukwa sindinaonepo chida china chophunzitsa bwino nkhani imeneyi. Magetsi asanafike pa mota amadutsa zipata zingapo zondondozana: pulagi, swichi ya pachitseko, batani loyatsira, taimala kapena bolodi yokhala ndi tirileyi, ndi kafyuzi kodulika ndi kutentha. Ena ali ndi swichi yoonjezera yomwe imazindikira lamba akaduka. Chipata chimodzi chikatsekeka, makina onse ali zii, mota ili bwinobwino.

Matenda ake amadziwika ndi makhalidwe. Akakhala chete osabuula n'komwe, magetsi sakufika. Yambirani pakhoma, kenako chitseko, chomwe kachipangizo kake ka pulasitiki kamathyoka ndi kumenyetsa. Mota ikamamveka ikuzungulira mopepuka koma mgolo wa zovala uli chiimire, lamba waduka. Pa makina a kapangidwe ka ku America, akamayenda pokhapokha chala chili pa batani, n'kuima mukangochotsa, kawirikawiri ndi kaswichi ka mkati mwa mota kaja kapena rileyi. Kaswichi komweko n'komwe kamaloleza chotenthetsera kuyaka, kuti moto usayake mphepo isakuyenda. Akayenda mphindi khumi n'kuima, n'kudzavomeranso atazizira, mota ikutentha ndipo kotetezera ka mkati mwake kakugwira ntchito yake. Funso ndi lakuti chikuilemetsa n'chiyani.

Makina a azakhali anayamba kubuula. Mdzukulu wawo anatulukira yekha kuti akazunguza mgolo ndi dzanja, n'kutseka chitseko msanga, n'kudina batani, makina amanyamuka. Imeneyo ndi pedulo ija, ndipo wolakwa anali kapasita, yolembedwa 8 μF pambali pake, itatupa pamwamba ngati chitini cha nsomba zowonongeka. Mtengo wake sunafike ngakhale pang'ono pa mtengo wa mota imene munthu wina anali atawauza kale kuti aitanitse ku Joni. Yatsopano iyenera kukhala ya nambala yomweyo, ndipo mavolti ake asatsike kuposa a yakale. Kapasita imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, tsono mmisiri amayamba waikhuthula asanaigwire.

Chaka chotsatira anathima kotheratu. Ulendo uno kanali kafyuzi ka kutentha. Mnyamata amene anabwera kudzakonza anati, "Amayi, kameneka n'kosafunika kwenikweni, tingolumphitsa ndi waya." Azakhali, omwe anaonapo nyumba yoyandikana nayo ku Joni ikufuka, anati ayambe watsegula kumbuyo. M'paipi yotulutsira mpweya munali tiulusi ta zovala togwirana ngati thonje la m'belo, ndiponso sokosi imodzi ya mwana itakulunga fani. Mpweya sunkatuluka, chotenthetsera cha mawati oposa 2,000 chinkawotcha malo amodzi. Kafyuzi kaja kanafa kuti nyumba isapse.

Kuona maso a nkhono

Amisiri abwino amene ndawaonerera amafanana pa chinthu chimodzi: sathamangira sipanala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayamba ndi mafunso. Yaima bwanji, mwadzidzidzi kapena inayamba yafooka? Kunagwa mvula? Pali amene anatsegula bokosi dzulo? Kenako amathimitsa, n'kutsimikiza ndi mita kuti magetsi achokadi, chifukwa swichi nayo imanama. Amanunkhiza. Amayang'ana podera, posungunuka, nyerere, buluzi wouma pakati pa mano a kontakita, zisa za mavu adothi m'mabowo opumira. Amavula malamba n'kuzunguza pule ndi dzanja: ikamakhulakhula kapena kulimba, ndi mabelingi, ikamazungulira myaa, amazunguza chigayo pachokha, mwina mwalowa mwala kapena msomali wobwera ndi chimanga.

Mita imabwera pambuyo, ndipo imayenda kuchokera kukhoma kulowera ku mota, osati chobwerera. Pakati pa mawaya awiri alionse mwa atatu aja payenera kuoneka pafupifupi mavolti 400, ndipo manambala atatuwo ayandikane. Amayeza asanalowe mafyuzi, atatuluka mafyuzi, atatuluka kontakita. Pamene nambala yasowera, vuto lili pakati pa malo amenewo ndi omwe anayeza komaliza. Zonsezi zikakhala bwino m'pamene amamasula mawaya a mota n'kuyeza makoyilo atatu, omwe ayenera kufanana, kenako n'kuyeza ndi megger ngati magetsi sakudonthera ku chitsulo cha kunja. Ikaonetsa pansi pa megaohm imodzi, mota siyatsidwa. Mwina yangonyowa ndi chinyezi cha dzinja ndipo ifunika kuumitsa. Kuyeza magetsi ali moyo ndi ntchito ya munthu wophunzira, wa pepala la MERA kapena wodutsa m'sukulu za TEVETA. Mwini chigayo ntchito yake ndi mphuno, makutu, maso ndi batani lofiira.

Nthawi zina vuto silili m'nyumbamo n'komwe. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa Shire, ku Nkula komwe kunayamba kugwira ntchito mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Kuyambira 2017 opanga ndi EGENCO, ESCOM n'kumagawa. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo zigayo zinkagaya usiku kutsatira maola a magetsi. Rivirivi nayenso ali ndi mbali yake pa nkhaniyi: dothi lokokoloka m'minda ndi m'mapiri odulidwa mitengo limatsika naye kukalowa mu Shire kumtunda kwa Nkula, n'kukachepetsa malo osungira madzi. Ku Phombeya, m'boma lomweli la Balaka, kuli siteshoni yaikulu ya mawaya a mavolti 400,000 yomwe inamalizidwa mu 2018. Komabe chigayo cha kumapeto kwa waya wautali wa kumudzi chimalandira zimene zatsala, makamaka madzulo aliyense akayatsa zake. Mavolti akatsika, mota yosenza katundu imakoka maampu ochuluka kuti ikwanitse ntchito yomweyo. Kontakita nayo imalephera kugwira, imayamba kugwedeza mano ngati munthu wamalungo, "trrrr", ndipo kuthetheka kwa moto kumadya manowo. Pamenepo mankhwala ndi kuthimitsa n'kudikira. Pali karileyi koyang'anira mafeizi, kokana kuyatsa feizi ikasowa kapena mavolti akatsika, ndipo ine ndimadabwa kuona munthu wogula mota ya ndalama zankhaninkhani akukaumira.

Mota ikapsadi imapita kwa owayinda, ku Blantyre, ku Limbe kapena kwa amisiri a m'matauni apafupi. Owayinda odziwa amawerenga mtembo. Makoyilo onse akada mofanana, mota inkalemedwa kapena sinkapuma. Ena akapsa ena n'kutsala owala motsatana bwino, feizi inatayika. Pakapsa malo amodzi okha, vanishi anabooka pamenepo. Mwini wanzeru amafunsa zimenezi asananyamule katundu wake, chifukwa mota yowayindidwa ikabwerera ku bokosi lomwe lija losakonza, ulendo wa ku Limbe ubwerezedwa.

Mdani wa vanishi ndi kutentha. Lamulo lodziwika pakati pa akatswiri ndi lakuti madigiri 10 alionse oonjezera pa muyeso amadula moyo wa vanishi ndi theka. Manambala a pa kachitsulo ka mota amawerengera kuti mpweya wozungulira sukupitirira madigiri 40. Tsono lowani m'chigayo cha malata chopanda mawindo ku Balaka masana a Okutobala. Ufa ndi madeya zimamatirira m'mizere ya pathupi la mota ndi pa sefa ya fani ya kumbuyo, mpaka mota imakhala ngati yafunda bulangete. Burashi youma, kamodzi pa tsiku, chigayo chili chothimitsa, imachita zimene mmisiri wodula sangachite.

Mkulu wa imvi uja anabweranso kuchigayo kuja m'mawa mwake ndi mita yake yakale yokhala ndi pakamwa ngati nkhanu, itakulungidwa m'kansalu. Ndinamupeza chifukwa ufa wanga unagona komweko. Anadikira kuti taimala isinthe, mnyamata athire chimanga, kenako anapanitsa mita pa waya uliwonse wolowa m'bokosi. Anatola khala panja nalemba pakhoma, pambali pa bokosilo: 36, 37, 36. Anabweza kagudumu ka ovalodi pa 24, kuchoka kumapeto komwe wina anakasiya. Atatero anafunsa za kamtengo kaja.

"Ndinakasonkhezera pamoto, madala."

Anaseka, nanyamula ufa wake pa keliyala, nakankha njinga kulowera kumchenga wa Rivirivi.